Amene Ankaika Masiku a Ulimba

Kuchigwa kuja, kumene Shire amayenda mosafulumira ndipo dzuwa limatuluka litakwiya kale, panali munthu wina dzina lake Meke. Anali mlimi wa thonje ndi mapira kumunda wa kumtunda. Sanali munthu woipa. Ndayamba ndi kunena zimenezi chifukwa mukamva zimene anachita mufuna kumuweruza, pamene ena mwa inu mumachita zomwezo chaka ndi chaka.

Meke ankakonda ulimba. Kwa inu amene simunauonepo, ulimba wa kuchigwa ndi wautali kuposa mphasa. Ndi timatabwa ta mlombwa toyalidwa pamzere, kuyambira tatikulu mpaka tating'ono, ndipo pansi pa kathabwa kalikonse pamalendewera chikho. Pachikhopo amaboola kabowo n'kumatapo kachikopa koyera kamene kangaude amasiya pakhoma, kuti mawu azituluka akunjenjemera. Koma chachikulu n'chakuti ulimba wotere suimbidwa ndi munthu mmodzi. Pamafunika atatu. Wina amakhala ku mawu aakulu, wina pakati, wina ku mawu aang'ono, ndipo nyimbo imakhala m'manja mwa onse atatuwo. Mmodzi akasowa, nyimbo imatuluka ya magweru.

Ulimba umene Meke ankaimba sunali wake. Anausema ndi malemu a Khembo, amene ankaimba mawu aang'ono mpaka chaka chimene anamwalira, ndipo Meke anaphunzira mawu amenewo kwa iwo. Maliro atatha, mkazi wa malemuwo, a Nachanza, anaitana Meke n'kumuuza kuti autenge ulimbawo akausunge kwake. Pempho lawo linali limodzi lokha. Makutu awo anali atayamba kutseka. Tambala wa pakhomo pawo pomwe ankamumva ngati akulira kutsidya kwa mtsinje, ndipo adzukulu ankachita kubwereza mawu kuti agogo awo amve.

"Bambo," anatero a Nachanza, "pali nyimbo ija ankaikonda amuna anga, ya mbalame za m'dambo. Ndikufuna ndiimvenso yathunthu, ya anthu atatu, makutuwa asanatsekeretu. Sindikukuthamangitsani ayi, koma musachedwe."

Meke anagwada, nalandira ulimbawo ndi manja awiri, nalonjeza.

Okonda ulimba m'dera limenelo analipo ambiri. Panali amayi okonda kuvina, abambo ogwedeza maseche, ndi ena ongokonda kukhala pansi n'kumamvera. Anagwirizana zopanga gulu loti lizikumana nthawi ndi nthawi, ndipo popeza ulimba unali pakhomo pa Meke, anamusankha kuti aziika masiku. Koma odziwa kuumenya anali atatu okha. Meke anali wa mawu aang'ono. Wa mawu aakulu anali Jasi, mlimi wa kudimba, amene munda wake unali m'mphepete mwenimweni mwa Shire. Wa pakati anali Binzi, amene ankadula nzimbe ku esiteti.

Udindowo Meke anaulandira ndi mtima wonse. Inu mukudziwa mmene mpando umakomera, ngakhale ukhale wa miyendo itatu. Tsiku lina masana anakakhala pansi pa mtengo wa bwemba kuseri kwa nyumba yake, natsamira thunthu, nayamba kuchiyendera chaka m'maganizo. Anaona mvula ikubwera, udzu ukuthamangitsana ndi thonje, anthu atawerama m'mizere kuyambira m'mawa mpaka msana kuuma. Anati mumtima mwake, apa palibe angasiye khasu. Anaona mapira akucha, mbalame zikutera ngati utsi, anthu akukuwa m'minda ndi zitini m'manja, ndipo anati apanso ayi. Anaona thonje litayera, madengu akudzaza, zala zikubayidwa. Kenako anaona chilimwe chikutseguka. Minda ili mbee, njira zauma, mphepo ikusewera ndi mapesi, dzuwa likulowa lofiira kuseri kwa utsi wa moto wa kutchire. Mmenemo anaona anthu atatu atakhala pa ulimba, fumbi likukwera kumapazi a amayi, ndi a Nachanza ali pamphasa, maso ali tseke, akugwedeza mutu pang'onopang'ono. Malotowo anamukomera kwambiri mpaka anaseka yekha.

Choncho masiku onse anawaunjika m'chilimwe, Loweruka lililonse masana. M'dzinja sanaikemo tsiku ngakhale limodzi. Ndani sadziwa kuti nyengo ya magule ndi chilimwe? Anazimva kwa atate ake, atate ake anazimva kwa atate awo, ndipo onsewo anali alimi a kumtunda.

Atasonkhanitsa gulu n'kulengeza masikuwo, anthu anaomba m'manja. Jasi anati wamva. Binzi anati Mulungu akalola adzabwera. Meke anapita kwawo mtima uli m'malo, poganiza kuti onse avomera. Koma kwathu kuno munthu sakana tsiku pamaso pa amene waliika, makamaka pagulu. Amavomera ndi pakamwa, kukanako n'kusiyira miyendo.

Chilimwe chinafika, Loweruka loyamba linakwana. Anthu anabwera ambiri, amayi atamanga zitenje zatsopano m'chiuno. A Nachanza anayala mphasa yawo pamthunzi wa bwemba, chapatali ndithu, monga amakhalira akuluakulu. Binzi anafika mochedwa, nkhope ili bii ndi phulusa la nzimbe, mikono itatopa chifukwa chogwira chikwanje kuyambira m'mamawa. Jasi sanabwere. Anatumiza mawu akuti madzi akuphwa m'dimba, ndipo wa kudimba amabzala motsatira madzi, akachedwa nthaka imamuumira m'manja. Awiriwo anaimba zimene akanatha. Amayi anayesa kuvina, koma phazi linkasowa potera, chifukwa mawu aakulu ndiwo amauza phazi poponda.

Loweruka lotsatira Jasi anabwera, matope ali m'miyendo, koma Binzi anamugwira ku ntchito. Linalo Binzi anabwera, koma mvuu zinali zitalawa chimanga cha Jasi, ndipo iye anali atasamukira kumsasa wa kudimba kukalondera. Zinkangoyenda choncho. Uyu akabwera uyo palibe, ngati akazi a pamitala amene anagawana masiku. Nthawi zina onse awiri ankasowa, Meke n'kukhala yekha kumapeto kwa ulimba, akugogoda timatabwa take tating'ono, mawu ake akuyendayenda pabwalo opanda powatsamira.

Anthu anayamba kuchepa. Oyamba kusiya anali amayi ovina, chifukwa palibe amene amasamba ndi kudzola kuti akavine nyimbo ya theka. Kenako a maseche. Kenako ngakhale aja ongomvera anapeza zina zochita. Amene sanaphonyepo anali a Nachanza. Koma Loweruka lililonse mphasa yawo inkasendera. Inachoka pamthunzi wa bwemba n'kufika pakati pa bwalo. Inachoka pakati pa bwalo n'kufika pamene amaima a maseche. Pofika mwezi wa kutentha kuja, kumene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe, mphasayo inali itagunda miyendo ya ulimba, mayiwo atapendeketsa mutu, dzuwa likuwawotcha pamsana.

Meke ankaziona zimenezi ndipo mtima unkamupweteka. Ankachita mantha, chifukwa ankadziwa chimene chinkasendeza mphasayo. Koma mankhwala amene anawapeza anali owonjezera masiku. Anaikanso Lachitatu. Litakanika Lachitatu, anaika Lachisanu. Ankadandaula kwa mkazi wake kuti anthu a masiku ano alibe chikondi ndi zinthu za makolo, kuti Jasi wakonda chimanga kuposa anzake, kuti Binzi anagulitsa manja ake kwa azungu a nzimbe. Kupita kwa Jasi kapena kwa Binzi kukafunsa kuti kodi inu mumapuma liti, zimenezo sizinamubwerere m'mutu. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Mitambo itayamba kusonkhana kumapiri, Meke anakulunga ulimba m'masaka n'kuupachika kudenga la nyumba yake kuti ungalowe chinyezi. A Nachanza atafika Loweruka limenelo anapeza bwalo lili lokhalokha. Meke anawafotokozera mwaulemu kuti mvula yayandikira, anthu alowa m'minda, ndipo chilimwe chamawa zinthu zidzayenda bwino. Mayiwo sanatsutse. Pamene iye ankalankhula, iwo ankamuyang'ana pakamwa osati m'maso. Kenako anapinda mphasa yawo n'kubwerera.

Mvula inagwa yambiri chaka chimenecho. Shire anadzaza, nasefukira, nameza madimba onse, mpaka dambo ndi mtsinje zinasanduka madzi amodzi. Kumtunda udzu unkamera ngati wachita kutumidwa. Meke ndi mkazi wake ankapalira osaweramuka. Tsiku lina masana mpini wa khasu lake unathyoka, ndipo anatsikira kumudzi wa kudooko, kumene kunali munthu wosema mipini.

Kunali kamvula kowaza, kaja kosanyowetsa msanga. Njira inali ya matope, ndipo kutsogolo kwake madzi anali atayala mpaka kumene maso amalekezera, mitengo itaima m'madzimo kufika m'chiuno, akakowa atatera pansonga zake ali mbuu. Kunali zii. Mkati mwa bata limenelo Meke anamva kugogoda. Poyamba anayesa kuti wina akukhoma bwato. Koma kugogodako kunali ndi mapazi, kunkayenda, kunkabwerera, ndipo thupi lake linakuzindikira mutu usanakuzindikire. Anaima kuseri kwa mtengo wa mgwalangwa n'kusuzumira.

Pansi pa chisakasa cha asodzi panali bwato lovundikira. Mbali ina kunakhala Jasi, mbali ina Binzi, aliyense ali ndi timitengo tiwiri m'manja, akumenya pamimba pa bwatolo. Inali nyimbo ya mbalame za m'dambo. Jasi ankaponda mawu ake aakulu kumene bwato lili lonenepa, Binzi ankaluka ake chapakati. Ndipo pofika pamene mawu aang'ono amalowera, onse awiri ankafewetsa manja, n'kusiya mpata, mitu ikugwedezeka, ngati akumva munthu wachitatu amene panalibe.

Meke anaima pamenepo nthawi yaitali, madzi akutsika m'khosi mwake. Kenako anatuluka, napereka moni. Awiriwo anadzidzimuka ndipo anabisa timitengo ngati ana ogwidwa akuba shuga. Atawafunsa, Jasi anati dimba lake lili pansi pa madzi ndipo alibe chochita kufikira madziwo ataphwa. Binzi anati nzimbe sadula m'dzinja, makina anazima kalekale, iye amangokhala. Anati amakumana pachisakasapo kawirikawiri, chifukwa manja amayabwa.

"Nanga bwanji simunandiuze?" anafunsa Meke.

Jasi anakanda m'mutu, nayang'ana kumadzi. "Achimwene, masiku mumaika ndi inu. Komanso inu muli ndi thonje. Ife tikanayamba bwanji kukuchotsani pa khasu chifukwa cha nyimbo?"

Meke anabwerera kwawo wopanda mpini. Anachita manyazi aakulu, ndipo pansi pa manyaziwo panali chisoni. M'gulu lake lija munali zaka zitatu, chaka cha kumtunda, chaka cha kudimba ndi chaka cha kunzimbe, koma iye pansi pa bwemba paja anayendera chimodzi chokha, chake. Anadutsira kumunda kwake n'kuima pakati pa mizere. Anayesa kufunafuna m'maganizo nyengo imene onse atatu amakhala omasuka, koma sanaipeze, chifukwa kunalibe. Tsiku lililonse limene akanaika, wina anayenera kusiya ntchito yake. Chilimwe chonse anakhala akupempha Jasi kuti asiye chimanga, ndi Binzi kuti abwere ndi mikono yotopa, pamene iye mwini sanasiyepo kanthu. Ankangotuluka m'nyumba n'kukhala pa ulimba.

Atauza mkazi wake zimene ankaganiza, mkaziyo anamukumbutsa kuti thonje silidikira nyimbo, ndipo udzu ukalimeza palibe amene adzawabweretsere chakudya chifukwa choti anaimba bwino. Ankanena zoona, ndipo Meke sanamutsutse. Anangoti chigawo cha kumunsi kwa munda achisiye, azipalira cha kumtunda chokha m'mawa, masana akhale a ulimba. Mkaziyo anati ngati ndi za a Nachanza, achite, koma asadzadandaule pokolola.

Tsiku lomwelo Meke anakwera pampando n'kutsitsa ulimba kudenga. M'chikho china mbewa inali itamangamo chisa. M'china mavu anali atamatamo dothi. Tizikopa ta kangaude tambiri tinali titang'ambika, ndipo anayenda m'nyumba za anthu akuyang'ana m'makona a makoma kufuna tatsopano, ana akumuseka. Matabwa anali atamwa chinyezi, choncho anawayanika pafupi ndi makala mpaka mawu anabwerera. Zonsezi zinadya masiku. Kenako anapita kwa Jasi, napita kwa Binzi, napitanso kwa amayi ovina ndi a maseche, aliyense pakhomo pake. Ulendo uno sanapite kukalengeza. Ankakhala pansi, n'kufunsa, n'kudikira mpaka munthu atanena zoona. Anadabwa kupeza kuti ambiri a gululo anali a kudimba ndi a kunzimbe. Masiku atsopano anawaika ochuluka m'nyengo ya madzi odzaza, ndipo m'chilimwe anangosiyamo owerengeka, Lamulungu masana, kufupi ndi madimba.

Tsiku loyamba la masiku atsopanowo mvula inakata chakumasana. Anaunyamula ulimba anthu anayi kupita nawo kuchisakasa cha kudooko. Anthu anabwera ochuluka kuposa tsiku lina lililonse la chilimwe, ena atafunda masaka, ena atanyamula masamba a nthochi pamutu. A Nachanza anawabweretsa panjinga, ndipo anawakhazika pafupi penipeni. Jasi anakhala ku mawu aakulu, Binzi pakati, Meke kumapeto kwake. Anayang'anana, ndipo Jasi anayamba.

Mawu aakulu anatuluka pang'onopang'ono, nayenda pamwamba pa madzi. A pakati analowa, nawazungulira. Kenako Meke analowetsa ake, ndipo nyimbo inaima yathunthu kwa nthawi yoyamba chimwalirire a Khembo. Zikho zinkanjenjemera. Dzuwa linasuzumira pansi pa mitambo n'kuyala kuwala kwachikasu padambo lonse, ndipo akakowa ananyamuka m'mitengo, nazungulira, nateranso. Amayi ankavina m'matope osasamala zitenje. Meke sanaimbepo chotero moyo wake wonse. Manja ake ankathamanga okha, timatabwa tating'ono tikulira ngati mbalame zenizeni, ndipo anaiwala udzu, anaiwala thonje, anaiwala manyazi. Ankangoona a Nachanza ali pamphasa, maso ali tseke, akugwedeza mutu monga anawaonera m'maloto ake aja, ndipo mtima wake unadzaza chimwemwe.

Nyimbo inatha. A Nachanza analankhula maso akadali otseka, misozi ili m'masaya.

"Zikomo a Jasi. Zikomo a Binzi. Ndakumvani bwino, mwaimba monga kale. Koma a Meke lero ndiye sanabwere? Ndimadikira paja amalowera amuna anga, koma sindinamve kanthu."

Mayiwo anatsegula maso, ndipo anaona Meke ali pafupi nawo, timitengo tili m'manja, thukuta likutsika, chifuwa chikukwera ndi kutsika. Anamuyang'ana, nayang'ana timatabwa tating'ono tija.

"Oo," anatero motsitsa mawu. "Ndiye kuti atseka."

Makutu akamatseka amayamba ndi mawu aang'ono. Chilimwe chija, mphasa ikadali pansi pa bwemba, akanamva. Ngakhale mvula yoyamba ija, ulimba ukupachikidwa kudenga, mwina akanamvako. Gululo linapitirira, ndipo linakula, ndipo mpaka lero amakumana madzi akadzaza. A Nachanza ankabwerabe, n'kumamva anthu awiri. Meke ankaimba mawu ake aang'ono mokhulupirika pambali pawo, koma lonjezo lake silinakwaniritsidwe, ndipo iye ankadziwa.

Tsono inu amene anzanu anakupatsani kuti muziika masiku, kaya ndi a kwaya, a bawo, a mpira kapena a gulu loluka, ndikufunseni. Pamene munkagawa masiku a chaka chino, munayendera chaka cha yani? Musanamizidwe ndi m'manja mmene anakuomberani pamsonkhano. Pitani pakhomo pa munthu, mukhale pansi, mufunse kuti amapuma liti, ndipo mudikire yankho lachiwiri, chifukwa loyamba ndi laulemu chabe. Mukapeza kuti tsiku lokomera onse palibe, musadabwe, silinakhalepo. Wina ayenera kusiya khasu, ndipo woyamba kulisiya akhale inu amene mwagwira mpando. Koma chitani zimenezi tsopano. Musanene kuti chaka chamawa tidzakonza, chifukwa chaka chamawa chidzabwera ndithu, koma si onse amene mukuwaitana lero adzakhale akumva.